Kumasula ma screw oletsa akuba pa joystick ya makina akale a magemu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kwa ife okonza zamagetsi muno mu Zomba. Amachokera kwa anthu amene apeza makina akale a magemu, aja oimirira oponyamo ndalama yachitsulo, ndipo akufuna kuchotsa joystick, ndodo yoyendetsera gemu ija, kuti aitsuke kapena aikepo ina. Ndayamba ndi osavuta. Yankho likakutumizani ku funso lina, kawerengeni kaye limenelo musanagwire chida.

Kodi ma screw amenewa ndi otani, nanga adawaikiranji?

Ndi ma screw amene mutu wake udapangidwa dala kuti screwdriver wamba isagwire. Makinawa ankakhala pamalo pa anthu ambiri, tsiku lonse, mwini wake ali kutali. Mnyamata wakuti waluza gemu ndipo m'thumba muli kampeni akanatha kumasula panelo ya mabatani, kuba ndodo kapena kupisa dzanja kufuna bokosi la ndalama. Ndiye opanga makina, komanso eni ake amene ankawaika m'mashopu, adayamba kumanga zonse zoonekera kunja ndi ma screw ofuna chida chapadera.

Apa ndinenerepo kuti tikukamba za makina anuanu, kapena amene mwini wake wakupatsani kuti mukonze.

Ndiyambire pati ndisanagwire screwdriver?

Zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa pa switchi sikokwanira. Sikirini ya makinawa ndi ya galasi lija lalikulu ngati la ma TV akale, ndipo ikamagwira ntchito mumakhala mphamvu yopitirira mavoti 20,000. Ina imatsalira m'kati ngakhale mwazimitsa. Ntchito ya joystick siifuna kuti mufike kumbuyo kwa sikirini, choncho musafikeko, makamaka pa waya wonenepa wofiira amene amathera pa kampira kophwatalala komata pagalasi.

Kenako tsegulani kachitseko koponyera ndalama, muunike ndi tochi ya foni chakumwamba. Pa makina ambiri, makamaka a ku America, panelo imagwidwa ndi zokowera ziwiri zam'kati, china kumanja china kumanzere. Mukazikowola panelo imatseguka yokha, joystick yonse n'kuonekera kunsi kwake. Anthu ambiri amalimbana ndi mitu ya pamwamba kwa maola, pamene ntchito yake inali ya pansi. Ngati muiwale zina zonse za patsambali, ichi chokha musaiwale: onani kunsi kwa panelo musanakande pamwamba.

Mukatsegula, jambulani mawaya ndi foni asanasokonezeke.

Mutu wa bawuti ndi wozungulira, wosalala, wopanda pogwira paliponse. Nditani?

Imeneyo ndiyo yofala kwambiri pa joystick, ndipo siifuna chida chachilendo. Mutu wake uli ngati chipewa cha bowa, koma kunsi kwa mutuwo kuli khosi la makona anayi limene limalowa m'bowo la makona anayi pa panelo kuti bawuti isazungulire. Imamasulidwira kunsi, pa nati. Nthawi zambiri amakhala mabawuti anayi, m'makona a chitsulo kapena pulasitiki yogwira joystick.

Pa makina a ku America nati yake kawirikawiri imafuna sipanala ya 3/8 inchi, ina 11/32 kapena 7/16. Pa a ku Japan ndi a ku Ulaya yesani 7 mm kapena 8 mm. Sipanala ya 10 mm pa nati ya 3/8 imaoneka ngati yakwana koma imasewera pang'ono, ndipo nati ikakhala yadzimbiri imadya makona. Soketi ya makona sikisi imagwira bwino kuposa sipanala yotsegula kukamwa.

Nati ikakhala ndi kamphete ka pulasitiki m'kati, imalimba njira yonse mpaka kutuluka. Ndi mmene idapangidwira, sikuti mazinga atha.

Nati ikuzungulira limodzi ndi bawuti yomwe. Basi zaonongeka?

Ayi. Zikutanthauza kuti bowo la makona anayi lija ladyeka, ndipo zimachitika kwambiri pa panelo ya thabwa imene idamwa chinyontho. Yambani ndi kuuza wina akanikize mutu ndi kathabwa mwamphamvu inu mukupotokola nati. Zikakanika, lowetsani screwdriver yafulati pakati pa nati ndi chitsulo, mutsendereze kuti khosi likhale m'malo mwake, kwinaku mukumasula.

Ngati bawuti yatulukira kunsi kwa nati mokwanira, chekani kamzere kumapeto kwake ndi sowo yodulira zitsulo, mugwire pamenepo ndi screwdriver, nati muipotokole ndi sipanala. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa zonse zimachitikira kunsi, kumene chida chikaterereka sichikanda chithunzi chomatidwa pamwamba pa panelo. Kugwira mapeto a bawuti ndi pulayazi kumathandizanso, koma kumaphwanya mazinga, ndiye nati ikafika pamenepo imakakamira.

Ndingadziwe bwanji mtundu wa screw imene ndili nayo?

Tsukani mutu kaye. M'mitu ya ma screw a pa panelo mumadzaza thukuta, fumbi ndi zakumwa zotayikira za zaka zambiri, mpaka zimauma gwa. Tokosani ndi singano kapena phini, pukutani ndi mswachi wakale, kenako jambulani ndi foni mukulitse chithunzicho.

Mukaona nyenyezi ya nsonga sikisi ndi kamsomali pakati, imeneyo ndi Torx yachitetezo, ndipo pa ma screw ofuna chida chapadera ndiyo imapezeka kwambiri. Torx wamba idapangidwa mu 1967 ndi kampani ya Camcar Textron ku America. Kamsomaliko kadaonjezedwa kuti biti wamba, kansonga kachitsulo kopotokolera screw, isalowe. Bowo la makona sikisi la kamsomali pakati ndi Allen yachitetezo. Mutu wosalala wa timabowo tiwiri ndi mtundu wina. Mutu wooneka ngati wafulati koma mbali ziwiri zosemedwa motsetsereka ndi wa njira imodzi: umamangika koma sumasulika. Kupatula Allen, uliwonse uli ndi funso lake m'munsimu.

Werengani nsonga za nyenyeziyo mosamala. Ilipo ina ya nsonga zisanu yokhalanso ndi kamsomali, ndipo biti ya nsonga sikisi singalowemo ngakhale muimenye.

Zida zake ndingazipeze kuti kuno ku Zomba?

Chimene mukufuna ndi kabokosi ka mabiti achitetezo, aja aafupi olowa pa chogwirira chimodzi. Yambani m'mashopu a hardware a m'tauni ndi kwa ogulitsa zida mu msika waukulu. Musangonena dzina, aonetseni chithunzi cha mutu wa screw, ndipo biti muiyang'ane kunsonga ngati ili ndi bowo lolowamo kamsomali kaja. Mukapanda kupeza, ku Limbe ndi ku Blantyre kuli mashopu ambiri a zida, ndipo ndi ulendo wopita n'kubwerako tsiku lomwelo.

Kubwereka nakonso n'kotheka. Amakanika ozolowera galimoto za ku Ulaya, monga VW ndi Mercedes, amakhala ndi Torx za masaizi ambiri chifukwa galimotozo zadzaza nazo. Okonza mafoni ali nazo koma zing'onozing'ono zedi. Okonza PlayStation ndi Xbox ali ndi zabowo, koma za saizi ya T8 kapena T10, pamene inu mukufuna zokulirapo. Mukabwereka, tengani paneloyo mupite nayo kugalaja ngati imachoka. Amakanika ambiri safuna chida chawo chigone kunja, ndipo sindiwanena.

Torx yake ndi saizi yanji?

Pa makina a magemu mumapeza kwambiri T15, T20, T25 ndi T27. Yabowo imalembedwa ndi H kumapeto, monga T20H, kapena TR kutsogolo, monga TR20.

Msampha uli pa T25 ndi T27. T25 imalowa mu mutu wa T27 ndipo imakhala ngati yagwira, koma mukaika mphamvu imaterereka n'kudya nsonga zonse. Yambani ndi biti yaikulu imene ikukana kulowa, mutsike imodziimodzi mpaka yoyamba kulowa. Imeneyo ndiyo yake. Igogodeni pang'ono ndi hamala kuti ifike pansi, ikhale chilili osapendekeka, ndipo mphamvu yambiri ipite pokanikiza, yochepa popotokola. Gwiritsani dzanja. Dirilo ya batire imathamanga, ndipo pofika pozindikira kuti yaterereka mutu watha kale.

Ndili ndi Torx wamba yopanda bowo. Kodi ndingathyole kamsomali ka pakati?

Zimatheka. Kamsomaliko pa ma screw aang'ono n'kowonda ndipo kamathyoka. Lowetsani screwdriver yafulati yaing'ono pambali pake, muipendeketse uku ndi uku mpaka kathyokere pansi, kapena kagogodeni cham'mbali ndi panchi yosongoka. Valani magalasi chifukwa kamauluka. Kakathyokera pakati n'kusiya chitsa, biti silowa mokwanira, ndipo kukakamiza pamenepo ndiko kumatha mutu. Pitirizani kugogoda chitsacho mpaka chiphwatalale.

Nthawi zina simufunika n'kuthyola komwe. Screwdriver yafulati yokwana bwino pakati pa kamsomali ndi khoma la nyenyezi imatha kupotokola screw imene sidamangidwe kwambiri. Ikakana kamodzi kawiri, isiyeni, nsonga ya screwdriver ingathyokeremo.

Ena amafunsa zoboola biti wamba kuti ikhale yabowo. Chitsulo cha biti n'cholimba kwambiri, mungotherapo mabiti a dirilo.

Nanga ya timabowo tiwiri?

Iyi njosavuta. Pulayazi yosongoka kukamwa, kapena ija yochotsera masekilipu, imalowa m'timabowomo. Ikakhala yolimba, tengani screwdriver yafulati yakale yotambalala mofanana ndi mtunda wa timabowoto, muiseme pakati ndi tupa mpaka patsale timano tiwiri. Chida chimenecho musungeko, mudzachifunanso.

Screw ya njira imodzi ikungoterereka ndikabweza. Pali njira?

Iyi ndiyo yovutadi, chifukwa idapangidwa kuti isadzamasulidwe. Choyamba bwererani ku funso la poyambira: ngati kunsi kuli nati, masulani natiyo, mutuwo musalimbane nawo.

Ngati yalowa m'thabwa kapena m'chitsulo cha mazinga, muyenera kuipangira pogwira patsopano. Matani tepi yochindikala kuzungulira mutu, magawo awiri kapena atatu, ndipo pamwamba pake ikani kachitsulo kopyapyala kapena khadi lakale la pulasitiki lobooledwa pakati. Kenako chekani mzere watsopano pamutu, mopingasa ndi wakale, ndi mpeni wa sowo yodulira zitsulo wogwira pamanja. Chekani pang'onopang'ono mpaka screwdriver yaikulu yafulati ikhale bwino. Mzere ukazama kwambiri mutu umang'ambika pakati.

Mutu ukakhala wotukuka, njira ina ndi kusema mbali ziwiri ndi tupa kuti ziphwatalale, n'kugwira ndi pulayazi yokhoma ija amati vise grip. Yachitatu ndi kuika panchi m'mphepete mwa mutu mopendekeka, n'kumagogoda molozera kumanzere mpaka screw isunthe. Ikangosuntha pang'ono, pulayazi imamaliza.

Gulainda ndimaletsa. Chimbale chake n'chachikulu kuposa mutu wa screw, ndipo zothetheka zake zimaboola pulasitiki ya pamwamba. Screw mugula ina ndi ndalama yochepa, koma chithunzi choyambirira cha pa panelo ya Street Fighter II ya 1991 kapena Neo Geo ya 1990 simudzachipeza m'shopu iliyonse muno.

Mutu ndi wa mtanda ngati wa sitala wamba, koma screwdriver yanga ikudumpha. Chavuta n'chiyani?

Ngati makinawo kapena joystick ndi ya ku Japan, monga ya Sanwa kapena Seimitsu, mwina screw yake ndi ya muyeso wa ku Japan wotchedwa JIS. Imafanana ndi Phillips, sitala wamba ija, koma makona a m'kati ndi osiyana, ndiye Phillips siikhala pansi bwino. Ambiri a iwo amakhala ndi kadontho kamodzi pamutu, pambali pa mtandawo. Okonza njinga zamoto za Honda ndi Yamaha amalidziwa bwino vutoli. Mukasowa screwdriver ya JIS, semani pang'ono nsonga ya Phillips ndi tupa kuti mapiko ake azame, ndipo kanikizani kwambiri. Kuika kachidutswa ka labala, ngakhale ka chubu cha njinga, pakati pa mutu ndi screwdriver kumathandiza pa mutu wongoyamba kudyeka.

Zonse zachita dzimbiri. Ndithire chiyani?

Kuno m'tsinde mwa phiri dzimbiri ndiye mdani wamkulu kuposa mtundu wa screw. Mvula ya Novembala mpaka Epulo, kenako chiperoni cha m'nyengo yozizira, makina ogona m'chipinda chosatsegulidwa ku Matawale kapena ku Chinamwali amatuluka manati onse ali ofiira. Onjezani mchere wa thukuta la manja a osewera, umene unkatsikira m'mabawuti omwewo.

Palani dzimbiri la pa mazinga otulukira ndi burashi ya waya. Kenako dontheza mafuta omasulira, monga WD-40. Palafini kapena dizilo amagwiranso ntchito, kungoti amachedwa. Musapopere. Thirani pa kachivindikiro ka botolo, mutenge ndi kamtengo ka machesi, muike dontho pa mazinga penipeni. Zifukwa zake ndi zitatu. Panelo zambiri zathabwa ndi za utuchi wopanikiza, umene umamwa mafuta n'kufufuma. Mafuta akalowa pansi pa chithunzi amasungunula guluu. Ndipo ma joystick akale a kampani ya Wico amabwerera pakati ndi mphira, osati sipuling'i, ndipo mphira wakale sagwirizana ndi mafuta otere. Mafuta a mabuleki, amene ena amawatama, amasupula penti, asayandikire.

Siyani usiku wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa gogodani mutu pang'ono, ndipo musanamasule yambani mwamanga pang'ono kuti dzimbiri lisweke. Ikasuntha, bwezani uku ndi uku, mukuonjezera dontho, m'malo mopotokola ulendo umodzi.

Palibe dzimbiri koma yakana. Kodi ndiotche?

Mwina pa mazinga adapakapo mankhwala omata, aja a buluu kapena ofiira, a mtundu wa Loctite. A buluu amagonja ndi dzanja. Ofiira amafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 250. Gwiritsani chowotcherera mawaya: khudzitsani nsonga yake pamutu wa screw kapena pa nati kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mumasule kukadali kotentha. Izi ndi za screw yolowa m'chitsulo. Ngati ikudutsa m'pulasitiki ya joystick, kutentha kusungunula pulasitikiyo screw isanamve kanthu. Lawi la moto lisafike pa makinawa, makamaka ngati mwathirapo kale palafini.

Mutu wathera. Chatsala n'kuboola?

Inde, ndipo sizoopsa ngati mwakonzekera. Phimbani ma switchi ndi bolodi ya gemu ndi nsalu, chifukwa kaphulusa kamodzi ka chitsulo pa bolodi kangathe kuiotcha mukadzayatsa. Ngati panelo imachoka, kaboolereni panja.

Menyani panchi pakati penipeni pa mutu kuti biti isayendeyende. Pa Torx yachitetezo thyolani kaye kamsomali monga tanenera pamwambapa, apo ayi biti ithawira pambali. Yambani ndi biti ya 2 mm, kenako ya saizi ya thupi la screw: 4 mm pa screw ya M4, 5 mm pa yokulirapo. Simukuboola screw yonse, mukungofuna kudula khosi. Mukafika pamenepo mutu umadumpha n'kukwera pa biti. Chotsani joystick, ndipo chitsa chotsalacho nthawi zambiri chimamasuka ndi pulayazi mosavuta chifukwa palibenso chochikoka.

Dirilo iyende pang'onopang'ono, ndi dontho la oilo. Screw ya chitsulo chosachita dzimbiri ikatenthedwa ndi liwiro imalimbiratu, biti n'kumangopukuta pamwamba. Mukapeza mabiti ozungulira chakumanzere ndi abwino koposa, chifukwa kawirikawiri amagwira screw n'kuimasula kuboola kusanathe. Zochotsera zina zosongoka zija zolowetsa m'bowo, pa ma screw aang'ono chonchi zimathyokeramo, ndipo zikathyoka sizibooleka.

Potola phulusa la chitsulo ndi maginito, musayandikize maginitowo ku sikirini. Amasokoneza mitundu, pakona n'kusanduka pobiriwira kapena papepo.

Anzanga akuti ndipite kwa owotcherera akamatepo nati pamutu. Ndipite?

Pa bawuti ya galimoto njira imeneyo imagwira ntchito. Pa panelo ya magemu ayi: pali pulasitiki, thabwa, penti ndi mawaya moyandikana.

Mabawuti achoka koma joystick ikukana kutuluka chifukwa cha mpira wa pamwamba. Ndimasula bwanji?

Zimatengera mtundu. Pa ya ku Japan, monga Sanwa JLF, mpira uli ndi mazinga. Kunsi kwa ndodo kuli kamzere. Gwirani pamenepo ndi screwdriver yafulati, mpira muupotokole ndi dzanja. Ukalimba ukulungeni ndi labala, osati pulayazi, mano ake amasiya zipsera.

Pa za kampani ya Happ ndi zina za chogwirira chachitali, chogwiriracho n'chomatana ndi ndodo. Kunsi kuli kachitsulo kooneka ngati chilembo E kokowa m'kamzere ka ndodoyo. Kakankheni cham'mbali ndi screwdriver yaing'ono, ndodo isololoke chokwera. Kameneka kamauluka ndipo sikapezekanso, choncho vekani jumbo kunsi kwa joystick muchotsere m'katimo. Zotuluka pambuyo pake, kapulasitiki kokankha ma switchi ndi tina totere, ziikeni pa tebulo motsatana mmene zatulukira, ndipo onani mbali imene inali pamwamba. Pa ma joystick ena kutembenuza kapulasitikiko kumasintha ndodo kuchoka pa njira 8 kupita pa 4, ndiye mungadabwe gemu yomenyana ikukana kudumphira kutsogolo.

Mawaya ambiri ndi ongosomeka. Kokani pa chitsulo, osati pa waya, ndipo lembani pa tepi kuti uyu ndi wa kumwamba, uyu wa kumanzere. Waya umodzi wodumpha kuchoka pa switchi ina kupita pa ina, kawirikawiri wakuda, ndi wa onse.

Pobwezera ndiike ma screw otani?

Samalani ndi mazinga. Makina a ku America amagwiritsa muyeso wa mainchi, monga 8-32 ndi 10-24, pamene zambiri za m'mashopu athu ndi za mamilimita. M4 imafanana ndi 8-32 pongoyang'ana, M5 imafanana ndi 10-24, koma mazinga ake satalikirana mofanana. Imalowa kawiri katatu kenako n'kulimba, ndipo mukakakamiza mwapha mazinga a panelo. Pamene pali bawuti ndi nati, sinthani zonse ziwiri pamodzi. Pamene mazinga ali pa panelo pomwepo, tengani screw yakale imodzi mupite nayo ku shopu, muyese pa nati musanagule. Pa chifukwa chomwechi, ma screw akale amene atuluka bwino musataye. Atsukeni ndi burashi abwerere.

Onaninso kutalika. Screw yaitali pa thabwa imatulukira pamwamba n'kutukula chithunzi. Pakani girisi pang'ono pa mazinga chifukwa cha chinyontho chathu chija, ndipo musamange mopitirira, makamaka ngati pamwamba pali pulasitiki yoonekera, imene imang'aluka kuyambira pa bowo.

Ndibwezeretse achitetezo omwewo kapena wamba?

Ngati makina akhala pakhomo, ikani wamba, makamaka a Allen kapena mabawuti osalala aja a nati kunsi. Ngati akukakhala pa shopu kapena pamalo oseweretsa ana, ikani Torx yabowo, ndipo biti yake muimate ndi tepi m'kati mwa kachitseko ka ndalama, kumene kuli loko. A njira imodzi musawabwezeretse, chifukwa ma switchi a joystick amatha ndipo mudzafuna kutsegulanso.

Ndamaliza. Ndingoyatsa?

Yang'anani kaye ngati m'kati mwatsala phulusa la chitsulo, washala kapena nati yogwa, makamaka pa bolodi ndi pa bokosi la magetsi. Ndipo ngati makinawo simunawayatsepo chiwapezereni, werengani kachikwangwani ka kumbuyo. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene makina opangira msika wa ku America ndi a 120, a ku Japan 100. Ngati sadasinthidwe, afunika thiransifoma yotsitsa mphamvu musanalowetse pulagi pakhoma.